Kanyama ka m'matope a nyanja kamene kali ndi m'bale wake pansi pa mtsuko

Mukasuntha mtsuko umene wakhala pamalo amodzi kwa masabata angapo, makamaka m'dzinja muno ku Kasungu, mumapeza tizilombo totuwa, tophwatalala, tikuthamangira kobisala. Tina timadzipinda n'kukhala ngati kampira. Anthu ambiri amatiika m'gulu la mphemvu. Ine ndimaphunzitsa bayoloje kusekondale, ndipo chaka chilichonse ndimatuma ana kuti akatole tizilombo timeneti m'kachitini. Timandithandiza kufotokoza kanyama kena kamene palibe mwana m'kalasimo amene adakaonapo. Dzina lake ndi Diastylis rathkei, ndipo kamakhala kokwiririka m'matope ndi mumchenga pansi pa nyanja zozizira za kumpoto: Baltic, North Sea, Arctic ndi kumpoto kwa Atlantic.

Kanyamaka n'kakang'ono. Kakakula kamatalika mamilimita 10 mpaka 20 kapena kupitirira pang'ono. Mutakaona koyamba mungati ndi mbululu, chifukwa kutsogolo n'konenepa ndipo kumbuyo kuli mchira wowonda. Koma mbululu ndi yofewa yonse, pamene aka kavala chigoba, ndipo thupi lake lili ndi mfundo ngati nzimbe. Kuti kakule kamayenera kufundula.

Tiyambire kumutu. Chigoba chimodzi chachikulu chimaphimba mutu pamodzi ndi mfundo zitatu zoyambirira za chifuwa. Kutsogolo, mbali ziwiri za chigobachi zimatalika n'kukumana pakati, kupanga kansonga kooneka ngati mphuno, ngakhale si mphuno ayi. Pansi pa chigobacho pali timiyendo tiwiritiwiri, magulu atatu, timene sitiyendanso. Ntchito yake inasanduka yogwira ndi kusankha chakudya. Pa timiyendo toyambirira mwa timeneti ndi pamene pali ziwalo zopumira. Zimagwedezeka ngati mvukuto wa wosula makasu, kukoka madzi kuti alowe pansi pa chigoba, kenako n'kuwatulutsira kutsogolo kudzera m'kapaipi kali pansi pa kansonga kaja. Kanyamaka kamakumba chambuyo pogwiritsa ntchito miyendo yakumbuyo, kamamira m'matope mpaka kutsala nsonga ya mutu ndi ya mchira, ndipo kamapuma bwinobwino kali chikwiririke. Nthawi zonse ndikafika apa ndimachedwapo, chifukwa thupi lonse limayamba kumveka mukadziwa kuti mwini wake amakhala m'matope. Kamadya tizidutswa ta zomera ndi nyama zowola timene timagwera pansi pa nyanja.

Kumbuyo kwa chigoba kuli mfundo zisanu zoonekera, ndipo miyendo yoyendera ilipo iwiriiwiri magulu asanu. Kenako mchira wa mfundo zisanu ndi imodzi, wopindika mosavuta moti umatha kufika kumutu. Kumapeto kwake kuli timphanda tiwiri timene kanyamaka kamachotsera matope pathupi, ndipo pakati pa timphandato pali kansonga kotchedwa telson. Musakaiwale kansonga aka, tikafunanso.

Kamuna ndi kakazi n'tosiyana kwambiri. Pamutu pali tinyanga magulu awiri, ndipo kamuna kali ndi tinyanga tachiwiri tatitali, togona chambuyo motsatira thupi, komanso timiyendo tosambirira magulu awiri kunsi kwa mchira. Usiku kamatuluka m'matope n'kusambira m'mwamba kufuna kakazi. Kakazi kalibe timiyendo tosambirira timeneti, ndipo tinyanga take tachiwiri ndi tatifupi zedi. Chimene kali nacho ndi thumba.

Thumba limeneli ndilo mtima wa nkhani yonse. Kakazi kakakhwima, patsinde pa miyendo yake pamamera timasamba topyapyala timene timasanjikizana kunsi kwa chifuwa n'kupanga kathumba. Mazira amakhala m'menemo mpaka kuswa. Ana satuluka ngati timphutsi toyandama m'madzi monga zimachitikira ndi nkhanu zambiri za m'nyanja zamchere. Amatuluka akufanana kale ndi mayi wawo, kungoti miyendo iwiri yomalizira imakhala isanamere, imadzamera akafundula.

Tsopano tembenuzani kachilombo ka pansi pa mtsuko kaja, muwerenge miyendo. Mupeza 14. Mphemvu ili ndi 6, kangaude 8. Mukakhala ndi mwayi wopeza kakazi konyamula mazira, muona kathumba koyererako kunsi kwa chifuwa, ndipo ana ake amatuluka ndi miyendo 12, iwiri yomalizira n'kubwera pambuyo. Nyama ziwiri, ina ya pansi pa nyanja ya Baltic, ina ya pansi pa mtsuko kwa Chulu kapena ku Santhe, zikulera ana mwanjira imodzimodzi chifukwa zinachokera kwa kholo limodzi. Asayansi amaziika m'gulu lotchedwa Peracarida, dzina lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza thumba.

Ana amakonda kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga nkhanu za mu Bua? Nazonso zimanyamula mazira." N'zoona, ndipo funsoli ndimalikonda. Aliyense amene anagwirapo nkhanu kudambo amadziwa kuti yaikazi imasunga mazira, ngakhalenso tiana, kunsi kwa thupi. Koma yang'anitsitsani malo ake. Nkhanu imawasunga pamchira umene unapindikira pansi, atamatirira pa timiyendo ta pamchirapo. Ilibe thumba la pachifuwa. Nkhanu ili m'gulu la Decapoda, la miyendo 10. Ndi m'bale ndithu, koma wapatali. Kachilombo ka pansi pa mtsuko, kamene moyo wake wonse kamakhala kumtunda, kali pafupi kwambiri ndi Diastylis kuposa nkhanu imene imakhala m'madzi.

Kwa ife Achewa zimenezi si zachilendo. Munthu wa kwa Kaomba ndi wa ku Dedza akhoza kukumana m'basi, osadziwana, osafanana nkhope, koma akafunsana mfunda n'kupeza kuti onse ndi a Phiri, amayamba kufufuza kumene makolo awo anasiyanirana. Pamene woyandikana naye nyumba, amene mumatunga naye madzi pachitsime chimodzi, mwina palibe ubale uliwonse. Kugawa zamoyo m'magulu kumatsata chibadwidwe, osati kumene nyama ikukhala kapena mmene ikuonekera patali.

Mzere wa Diastylis rathkei umayenda chonchi. Ndi nyama ya gulu lalikulu la Arthropoda, la miyendo ya mfundo, mmene mulinso ziwala ndi bongololo. M'menemo ili mbali ya Crustacea, zokhala ndi tinyanga tinayi, kenako Malacostraca, mmene imakumana ndi nkhanu. Imasiyana ndi nkhanu polowa mu Peracarida, ndipo imasiyana ndi kachilombo ka pamtsuko polowa mu Cumacea, gulu la mitundu yodziwika yoposa 1,500. Kuti mudziwe banja lake mkati mwa Cumacea, bwererani ku kansonga ka kumchira kaja. M'mabanja monga Bodotriidae ndi Leuconidae kansongaka kanalumikizana ndi mfundo yomaliza moti sikaoneka pakokha. M'banja la Diastylidae kamaonekeratu, ndipo pa Diastylis kamathera ndi timinga tiwiri. Katswiri amayamba kuyang'ana pamenepo pa maikulosikopu, kenako n'kuwerenga timinga ta m'mbali ndi kuona mizere ya pachigoba.

Ngakhale akatswiri anavutika nato tinyamati. Mu 1780, Ivan Lepechin wa ku Russia atafotokoza mtundu woyamba wa gulu la Cumacea, anaupatsa dzina loti Oniscus scorpioides. Oniscus ndi dzina la tizilombo tofanana ndi ta pamtsuko tija, choncho anaphonya khomo koma mudzi anaupeza. Dzina loti Diastylis linabwera mu 1818 ndi Thomas Say wa ku America. Mtundu wathuwu anaufotokoza ndi Henrik Krøyer wa ku Denmark mu 1841, ndipo mbali yachiwiri ya dzina lake ikulemekeza katswiri wina dzina lake Rathke. M'zaka zimenezo akatswiri ena otchuka ankanena kuti tinyamati ndi ana chabe a nyama zina zamtundu wa nkhanu. Mkanganowo anauthetsa ndi mazira: mwana sanganyamule mazira m'thumba.

Kholo lina linandifunsapo pamsonkhano wa kusukulu kuti zimenezi zithandiza chiyani mwana wa mlimi wa fodya ndi mtedza, kudziko lopanda nyanja yamchere. Ndinayankha kuti kanyamaka n'chakudya cha nsomba zimene zimadya pansi pa nyanja, koma yankho limene ndimalikhulupirira ndi lina. Mwana amene waphunzira kutembenuza kachilombo n'kuwerenga miyendo asanatchule dzina, ndi yemweyo amene akalowa m'munda wa chimanga adzayang'ana pamutu pa mbozi kufuna chizindikiro chonga Y wozondoka, ndi timadontho tinayi ta kumchira, kuti adziwe ngati ndi ntchemberezandonda kapena kapuchi asanagule mankhwala.

Ngati muli ndi ana pakhomo, mawa m'mawa sunthani mtsuko muwapatse kachilombo kamodzi pachikhatho. Sikaluma. Akatha kuwerenga, akabwezere pachinyezi pomwepo, chifukwa ziwalo zake zopumira zimafuna kunyowa, ndipo padzuwa la Kasungu sikachedwa kuuma.