Kufupika kwa chamba si umboni woti ndi chololedwa

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu kuno ku Chigwa cha Shire akunena kuti chamba chachifupi sichizunguza bongo, choncho aliyense angathe kuchilima m'dimba mwake. Zimenezi si zoona. Mitundu yachifupiyi imakondedwa chifukwa mphepo siyiithyola msanga, ndipo ina imachita maluwa potengera masiku omwe yatha chimerereni, osati kutalika kwa usana, motero imakhwima nyengo yolima isanathe. Chamba chopangira ulusi, chomwe sichiledzeretsa, kawirikawiri chimatalika kuposa munthu.

Mphamvu ya THC, mankhwala opezeka m'chamba omwe amazunguza bongo, imadziwika poyeza ku labotale, osati ndi maso, ndipo lamulo la chamba la 2020 limafuna kuti wolima chamba akhale ndi chiphaso. Musanafalitse nkhani yotere ku Nsanje kapena ku Chikwawa, werengani lamulolo kapena funsani mlangizi wa zaulimi.