Wa "reluctant" sanakane, wangonyinyirika

Ndatopa nacho chiganizo chakuti "He denied to go to school." Chaka chilichonse ndikamachonga ntchito ya ana a Fomu 4 kuno ku Dedza, chimatulukira ndithu. Ife timangoti kukana basi, ndiye mwana amatola liwu lililonse la Chingerezi limene lili pafupi. Wokana kuchita chinthu ndi wa "refuse to". "Deny" ndi kukana mlandu, kunena kuti si ine, ndipo pambuyo pake pamabwera "-ing" kapena "that", osati "to". "Decline" ndi kukana mwaulemu, monga akakuitanani ku ukwati. Izi sinditayapo nthawi, zili m'buku lililonse.

Limene limandisowetsa tulo ndi "reluctant". Munthu wa "reluctant" kawirikawiri sanakane. Mtima sukufuna, akunyinyirika, koma mwina pamapeto pake achita. N'chifukwa chake mumamva "she reluctantly agreed": anavomera, koma monyinyirika. "Unwilling" ndi lolimbirapo, munthu sakufuna ndithu. "Hesitant" ndi wozengereza chifukwa akukayikakayika, sanadziwe kuti asankhe chiti.

Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa anapeza ntchito ya ukalaliki kumalo ena ogulira mbatata ya kachewere cha ku Lizulu. Tsiku lina matumba anafika operewera, iye n'kukana kwamtuwagalu kusaina kuti walandira onse. Anachita bwino. Koma atauzidwa kuti alembe lipoti, anafuna liwu lomveka lapamwamba, n'kulemba "I was reluctant to sign." Abwana ake anamva kuti mnyamatayo ankangonyinyirika, osati anakana. Pepala lija linali litasainidwa ndi munthu wina mosaoneka bwino, ndiye mlandu unamugwera mnyamatayo, anamudula malipiro. Anabwera kwathu lipotilo atalipinda m'thumba la malaya, n'kuti, "Aphunzitsi, ndinalakwitsa pati?" Akanangolemba "I refused to sign", mawu amene ankawadziwa ali ku pulayimale. Ndikakumbukira mpaka lero ndimapsa mtima, osati ndi iyeyo, koma ndi amene anamupatsa mndandanda wa mawu wolembedwa kuti "reluctant" ndi kukana.

Mindandanda yotereyi yadzaza pa WhatsApp, ndipo kuli anthu odzitcha aphunzitsi a patitaimu amene amalipiritsa makolo kuti ana aloweze "mawu akuluakulu". Amaika "reluctant", "loath", "averse" ndi "refuse" mzere umodzi ngati n'zofanana. Sawauza kuti "averse to" amatsatidwa ndi dzina kapena "-ing", kapenanso kuti "loathe" wokhala ndi "e" kumapeto ndi kunyansidwa, nkhani ina kotheratu. Mwana akawasakaniza, wochonga amaona msanga kuti ndi zoloweza.

Makolo, musadikire teremu yomaliza. MANEB sipereka satifiketi ya MSCE kwa mwana amene walephera Chingerezi, ngakhale masamu atakhoza bwanji, ndipo chizolowezi cha "denied to" sichichoka pa masabata awiri. Ena mumati mudzagula likasa. Mwaiwala kale 2020, pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa chobedwa, ana onse n'kukalembanso mu Januwale 2021? Mwana wa Fomu 2 ayambe pano. Akapeza liwu latsopano m'nyuzipepala, alikopere pamodzi ndi chiganizo chake chonse, kenako adzifunse kuti munthuyu pamapeto pake anachita chinthucho kapena ayi. Akapanda kupeza yankho, apite nalo kwa aphunzitsi ake asanalilembe m'kalata.