Pulogalamu ikayenda sindiye kuti ili bwino

Mawu oti "koma ikuyendatu" ndatopa nawo. Woyamba kumene kuphunzira C, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, akangoona kuti compiler (yomasulira code kuti kompyuta iimve) sinakane, amapinda manja ngati wamaliza ntchito, chonsecho pa sikirini pali ma warning amene sanawawerenge n'komwe.

C siilera munthu. Dennis Ritchie anaipanga ku Bell Labs mu 1972 kuti ilembere Unix, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ndipo ankaganizira anthu odziwa kale zimene akuchita. Mu chilankhulo cha Python mukapyola malire a list, pulogalamu imaima n'kukulozerani mzere wolakwika. C imangolemba pamene mwailozera, kaya malowo ndi anu kaya ndi a eni ake.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mtsikana wina, wanzeru ndithu, amene analemba pulogalamu yosungira mayina ndi ndalama za gulu la banki m'khonde la mayi ake. Mu struct, yomwe imasunga zinthu zingapo pamodzi, anaika char dzina[10], malo a zilembo za dzina, pansi pake int ndalama, malo a nambala. Poyesa ankalowetsa Banda, Phiri, Mwale, zonse zili myaa. Kutatsala pang'ono kugawana, wina anakonza dzina la membala n'kulemba lonse, loyamba ndi la bambo lomwe. Zilembo zotsalazo zinasefukira m'malo osungira ndalama aja. Pulogalamu sinafe, sinadandaule, inangoonetsa chiwerengero chosadziwika mutu wake, azimayi n'kuyamba kulozana zala. Chinawapulumutsa ndi kope lakale la msungichuma.

Komanso dzina[10] limakwana zilembo 9 zokha, chifukwa malo amodzi ndi a '\0' yotsekera mawu. Izi mtsikanayo sanazidziwe. Koma chondipweteka kwambiri n'chakuti dzinalo ankaliwerenga ndi gets(), ndipo compiler ya gcc inkamuchenjeza nthawi zonse kuti imeneyi ndi yoopsa. gets() sifunsa kukula kwa malo, imangothira. Morris worm, pulogalamu yodzifalitsa yokha ya mu 1988, inalowera m'makompyuta kudzera pa khomo lomweli, ndipo mu 2011 gets() anaichotseratu m'malamulo a C. Iye anaitenga kuti? Pa vidiyo ya munthu wophunzitsa ndi Turbo C, compiler yakalekale.

Apa ndiye ndichenjeze. Aliyense wokulonjezani kuti mudziwa C m'masiku 7, kapena wokuyambitsani ndi void main() ndi conio.h, akukugulitsani zinthu zoti zinatha kalekale. Enanso ndi aja olembera anthu ma assignment pa WhatsApp. Mulipira, mukhoza, koma tsiku lofunsidwa kuti mzere uwu ukutani mudzangoti kakasi. Code yokopera pa intaneti kapena kwa AI ndi chimodzimodzi ngati simungathe kuifotokoza mzere ndi mzere.

Ena amati ma pointer, osunga adiresi ya malo a mu memory, adzawaona kutsogolo. Kutsogolo kwake kuti? Chizindikiro cha & chimene mumaika mu scanf sabata yoyamba ija chimapereka adiresi ya mu memory, ndiye kuti munayamba kale kuwagwiritsa ntchito mosadziwa. Mukazengereza, malloc ndi free, zopempha ndi kubweza memory, zidzakupezani mulibe poponda. Tengani pepala, jambulani timabokosi ta memory, lembani adiresi ya kalikonse, muone chimene chikuloza chinzake.

Pochita compile lembani gcc -Wall -Wextra, ndipo musapitirire warning ngakhale imodzi isanathe. Onjezani -fsanitize=address kuti kusefukira kwina kwa mu memory kuzigwidwa pomwepo, ngakhale kuti kwa mkati mwa struct ngati kuja sikugwidwa. M'malo mwa gets() gwiritsani ntchito fgets(), imene mumaiuza kukula kwa malo. Kenako iyeseni mwankhanza pulogalamuyo: lowetsani dzina la zilembo 50, dinani Enter osalemba kanthu, lembani mawu pamene ikufuna nambala.