Galu amachenjeza asanalume, vuto timaphonya ifeyo

Abale anga a kuno ku Kasungu, kuyambira pa boma mpaka Chamama, Santhe, Nkhamenya ndi m'maesiteti monse, nkhani ya agalu oluma ana tiyeni tiikambe bwinobwino. Mwana akalumidwa mawu a eni galu amakhala amodzimodzi, akuti wangomuluma mwadzidzidzi, galu ameneyu samapanga zimenezi. Koma kawirikawiri galuyo amakhala kuti wachenjeza kale kangapo, anthu pakhomopo sanaone.

Galu akayamba kusowa mtendere amayamba ndi zing'onozing'ono. Amanyambita milomo pomwe sanadye kanthu, amayasamula pomwe alibe tulo, amatembenuzira mutu kumbali koma diso likuyang'anabe mwanayo mpaka choyera cha m'maso chikuoneka, makutu agwera m'mbuyo, mchira wapanikiza pakati pa miyendo, kapena amadzuka n'kukagona poteropo. Apa akuti ndisiyeni. Mwana akamutsatabe n'kumukoka makutu kapena kumukwera pamsana, galu amauma thupi lonse, ziii, ubweya wa pamsana waima, kenako kudzuma ndi kutulutsa mano. Kuuma thupiko ndiye koopsa zedi, chifukwa chotsatira ndi mano. Ndipo olo azigwedeza mchira musadalire, mchira woimika m'mwamba ukugwedezeka mwachangu thupi lili gwa, ameneyo sakusewera ayi.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi ichi: galu akadzuma timamuthira chibonga kapena mwala kuti asiye mwano. Akaphunzira kuti kudzuma kumabweretsa ndodo amasiyadi, koma mantha aja sanachoke, ndiye tsiku lina amangoluma osachenjezanso. Akadzuma chotsani mwanayo pamenepo, kenako muone chamuvuta n'chani. Mwina ali pa mbale ya makoko a nsima kapena fupa, mwina wagona, mwina ali ndi bala kapena akudwala, mwina ndi wamkazi ali ndi tiana tongobadwa kumene kuseri kwa nkhokwe. Malo amenewa mwana asayandikire, olo galuyo atakhala kuti anakula naye limodzi. Ana aang'ono amalumidwa kumaso ndi pakhosi chifukwa msinkhu wawo ndi wofanana ndi wa galu, nde khanda kapena mwana wongoyamba kuyenda musamusiye yekha ndi galu pakhonde inu muli ku mjigo.

Za mitundu ya agalu nazonso tasocherapo. Ambiri timati oopsa ndi achizungu okha, ma German shepherd, boerboel, Rottweiler, pitbull aja a m'mageti, pomwe wachikuda wakumudzi ndi wofatsa. Ena nawo amati wanga ndi wamtundu wodula sangalume mwana wapakhomo. Zonsezi sizoona. Galu wamkulu akaluma bala lake limakhala lalikulu, pamenepo palibe zotsutsa ndipo eni ake akuyenera kusamala kwambiri ndi fensi ndi geti, koma galu aliyense amaluma. Chimene chimaumba khalidwe kwambiri ndi kaleredwe kake. Galu yemwe amakhala pa tcheni kapena mu kakhola dzuwa lonse, madzi alibe, anthu sanawazolowere ali kamwana, ana akamapita kusukulu amamugenda, ameneyo tsiku lomwe tcheni chaduka ndi ngozi kaya ndi wamtundu wanji. Zomudyetsa tsabola kapena chamba kuti akhale wolusa zisiyeni, mukungomuzunza, ndipo sadzasiyanitsa wakuba ndi mdzukulu wanu.

Aphunzitseni ana kuti galu wachilendo akawathamangira asathawe ndipo asakuwe. Aime njii, manja awafumbate pachifuwa, osamuyang'ana m'maso, akanunkhiza n'kutembenuka achoke pang'onopang'ono. Akagwetsedwa adzipinde, manja atchinge nkhope ndi khosi. A kabaza nanunso, galu akakuthamangitsani bola kutsika n'kuika njinga pakati pa inu ndi iye.

Pali galu mmodzi amene sachenjeza, wachiwewe. Amasintha khalidwe, wofatsa amalusa, amaluma chilichonse, dovu kuchucha, kuyenda mozandima, ena amangofooka chibwano chili pansi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse amachitenga kwa agalu, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu palibenso mankhwala. Koma chimapeweka mukafulumira.

Mwana akalumidwa, olo kungokandidwa kapena kunyambitidwa pa chilonda, tsukani pamalopo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 zathunthu, muziyang'ana nthawi pa foni chifukwa 15 ndi yaitali kuposa mmene timaganizira. Osapaka phulusa, mchere, dothi kapena ubweya wowotcha wa galuyo, osamanga bala mothina. Tsiku lomwelo pitani ku health centre yapafupi kapena ku chipatala chachikulu pa boma, akaona bala, aona za kafumbata ndi katemera wa chiwewe. Katemerayu sabaya kamodzi, malizani majakisoni onse pa masiku omwe akulemberani olo bala litapola, chifukwa matendawa amatha kubisala miyezi 2 kapena 3, nthawi zina mpaka chaka. Ndipo ana musamawakalipire akalumidwa, akaopa kukwapulidwa amabisa bala.

Galu wolumayo ngati ndi wapakhomo musathamangire kumupha, mutsekereni pabwino ndi chakudya ndi madzi, dziwitsani alangizi a ziweto a ku ofesi ya zaulimi (EPA) kwanu amuone kwa masiku 10, koma wolumidwayo asadikire masiku amenewo, ayambiretu chithandizo. Agalu anu onse, achizungu ndi achikuda omwe, abayitseni katemera wa chiwewe chaka ndi chaka ndipo kadi yake muzisunga. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 m'dera akabayidwa chiwewe chimasiya kufala, nde a zaziweto akalengeza tsiku lobaya, makamaka chakumapeto kwa September pomwe pa 28 limakhala tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, auzeni ndi aneba abweretse awo.