Mipikisanoyi sinayambire ku Indianapolis

Anthu ambiri akamva za mipikisano ya IndyCar, ija ya magalimoto a matayala oonekera, amati zonse zinayambira ku Indianapolis, mzinda wa ku America. Si zoona. Bwalo la Indianapolis linatsegulidwa mu 1909, pomwe ku Milwaukee Mile, m'chigawo cha Wisconsin ku America komweko, magalimoto anali atayamba kale kupikisana mu 1903, pabwalo lafumbi lomwe poyamba pankathamanga mahatchi. Kulizungulira ndi mailo imodzi basi, ndipo phula anathira mu 1954.

Bwalo laling'onoli lisapeputsidwe. Makona ake ndi osapendekeka kwenikweni, choncho dalaivala amachepetsa liwiro pokhota, kwinaku akuzemba anzake otsalira omwe amawapeza pafupipafupi. Ndi pomwepa pomwe dalaivala wotchuka Jim Clark anapambana mu 1963 ndi galimoto ya Lotus ya injini yakumbuyo, zaka ziwiri asanapambane ku Indianapolis.