Mphumu si kuzizira chabe: zimene maselo oyera amachita m'mapapo

Juni akafika kuno ku Mzuzu, anthu amatulutsa mabulangete amene akhala m'sutikesi miyezi yambiri, amatseka mawindo, ena mpaka kulowetsa mbaula m'nyumba. Posakhalitsa kuchipatala timayamba kulandira anthu obanika, chifuwa chikulira ngati mluzu. Ambiri amati ndi kuzizira. Kuzizirako kumangoputa, gwero la vuto ndi maselo oyera a m'magazi, aja timawatcha asilikali a m'thupi.

M'bulangete ndi m'matiresi mumakhala tinthata tosaoneka ndi maso, tokonda malo achinyezi. Tonsefe timapuma fumbi lokhala ndi zitosi zake, ndipo ambiri sitimva kanthu. Koma mwa ena, maselo oyera otchedwa Th2 amaona fumbilo ngati mdani, n'kulamula maselo a B kupanga chitetezo cha mtundu wa IgE, chomwe asayansi Kimishige ndi Teruko Ishizaka anachitulukira ku Denver, ku America, mu 1966. IgE imakamatirira pa ma mast cell, maselo a m'njira za mpweya osunga mankhwala oyambitsa kutupa, n'kumadikira. Fumbi likabweranso, maselowa amakhuthula mankhwalawo, monga histamine ndi ena. Patangopita mphindi zochepa njira za mpweya zimafinyika, makhololo n'kuchuluka.

Gawo lachiwiri ndi limene odwala salidziwa. Pakatha maola 4 mpaka 8, m'mapapo mumakhamukira ma eosinophil, maselo oyera amene wasayansi Paul Ehrlich anawafotokoza mu 1879. Ntchito yawo yeniyeni ndi kulimbana ndi njoka za m'mimba ndi tizilombo ta likodzo, ndiye amanyamula poizoni wamphamvu. Poti m'mapapomo mulibe nyongolotsi, poizoniyo amasupula khungu la m'kati mwa njira za mpweya, ndipo zimatupa. N'chifukwa chake mayi amene wakung'untha matiresi masana amatha kudzuka pakati pa usiku akulephera kupuma, osadziwa chomwe chamuputa. Kutupaku sikutha chifuwa chikaleka kulira. Kumakhalapobe mwakachetechete, ndipo njira zotupa kale sizichedwa kutsekeka zikakumana ndi utsi wa makala, chimfine kapena mphepo yozizira ya m'mamawa.

Apa m'pamene ndimatsutsana ndi odwala ambiri. Amakonda inhela yabuluu ya salbutamol chifukwa akangopopera amapepukidwa pomwepo. Yabulauni ya beclometasone amaitaya m'kabati, amvekere, "Adokotala, iyi sigwira ntchito." Yabuluu imangomasula minofu yofinyika, ma eosinophil siiwakhudza n'komwe. Yabulauni ndi imene imawachepetsa, koma imafuna kupopera tsiku lililonse, ngakhale munthu ali bwinobwino, ndipo phindu lake limaoneka pakapita masiku kapena milungu. Mukapopera yabulauniyi chukuchani m'kamwa kuti musatuluke zilonda zoyera. Amene akufuna yabuluu kangapo pa mlungu adziwe kuti kutupa kwamupitirira. Bungwe la WHO linati mu 2019 mphumu inapha anthu pafupifupi 455,000, ambiri m'mayiko osauka, kumene inhela zoletsa kutupa zimasowa.

Chenjezo kwa okayezetsa magazi: ma eosinophil akaposa 500 pa microlitre (kadontho kakang'ono kwambiri ka magazi) timati achuluka, koma kwathu kuno zimenezo pazokha sizisonyeza mphumu. Mwana amene amasambira ku Nkhata Bay akhoza kukhala nawo ochuluka chifukwa cha likodzo, choncho timayamba tayeza mkodzo ndi chimbudzi.