Mabuleki sathawa okha pa Khwekhwerere

Sabata sitha osabwera munthu pagalaja panga kuno ku Dedza ndi mawu omwewa: "Madala, mabuleki angothawa okha." Ndikafunsa kuti athawira pati, yankho ndimakhala ndikulidziwa kale: pa Khwekhwerere, msewu uja wopatuka pa Masasa kutsikira ku Golomoti. Ndikafunsanso kuti njinga yamotoyo inali m'giya yanji, munthu amayamba kukanda m'mutu. Inali pa fili, giya atachotsa. Ena injiniyo amachita kuizimitsiratu, ati kusunga petulo.

Msewuwo ndi wokongola, sindikana. Kukacha bwino umaona chigwa chonse chili tantha pansi pako mpaka kunyanja, ndipo m'mbali muja muli anyamata osema timagalimoto ndi tinjinga tamitengo toti sungadutse osacheuka. Koma Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe nyanja siifika n'komwe pa 500. Kusiyana konseko njinga yako imakutsika m'makona opindana ngati njoka, itasenza iweyo, pasenjala ndi thumba la kachewere. Chinthu china chake chiyenera kuigwira kuti isathamange. Ukachotsa giya, ntchito yonseyo waisiyira timashuzi tiwiri ta buleki tomwe timakhula dilamu, chitsulo chozungulira chapakati pa tayala, tosaposa chikhatho chako.

Buleki imaimitsa njinga pokhulana, ndipo chokhulana chimatentha. Pamsewu wosalala umaponda, n'kusiya, dilamu n'kuzizira. Pamtsetse wautali phazi silichoka pa buleki. Dilamu imatentha n'kufutukuka, mashuzi amapsa n'kusalala ngati galasi, ndiye umaponda mpaka pansi njinga ili pitu. Njinga za buleki ya disiki kutsogolo nazo zili ndi vuto lake: mafuta a buleki, brake fluid, akakhalitsa amayamwa chinyontho, akatentha amawira, ndipo chogwirira chija chimangobwera phwa mpaka pahandulo. Pofika kuno njinga imakhala itazizira, mabuleki ayambanso kugwira, mwini wake n'kumati pakona paja pali zamatsenga. Ine ndikatsegula dilamu ndimamva fungo lachiwawu basi.

Petulo amene mukusungayo ndi wochuluka bwanji? Njinga ya injini ya 125cc imayenda makilomita oposa 30 pa lita imodzi, ndipo potsika osakoka mafuta imangonyambita. Tsikani ndi giya yomwe mukanakwerera chitundacho, yachiwiri, pena yachitatu ngati mulibe katundu. Injini ilira mokweza, isiyeni ilire, ikugwira ntchito. Chepetsani liwiro musanalowe m'kona, osati muli m'kati mwake. Ndipo buleki ya kutsogolo ija sanaiikire kukongoletsa. Sindidziwa anayambitsa ndani bodza loti ukaigwira imakuponya, koma njinga ikamaima kulemera konse kumapita kutsogolo, ndiye buleki yakutsogolo ndi imene ili ndi mphamvu. Imaponya munthu woikoka mwadzidzidzi pamchenga kapena njinga itapendekeka. Ndalandirapo njinga zambiri zomwe waya wake wakutsogolo anachotseratu.

Pali mnyamata wina amene mpaka lero ndikamudutsa pamsika ndimayang'ana kumbali. Anali wakabaza, waulemu, wosamwa. Anabwera Lachitatu kuti ndimumangire tcheni. Ndikuzunguza tayala lakumbuyo ndinamva kukwecha, ndipo nditayang'ana nati yokokera buleki ndinapeza yafika kumapeto kwa ulusi. Ndinamuuza kuti mashuzi atha, chitsulo chikudya chitsulo chinzake.

"Ndamva madala, koma njingayi si yanga, ndimapereka ndalama tsiku ndi tsiku kwa abwana. Ndibwera Lolemba ndikapeza kangachepe."

"Mphwanga, Lolemba ndi kutali."

Anaseka, n'kulipira ya tcheni. Ine ndinalandira, osalimbikira. Mashuzi anali pashelefu pomwepo, ndikanatha kumuikira pangongole, koma tsiku limenelo ndinali nditatopa ndi angongole ena. Loweruka anatenga mayi wina ndi matumba a kabichi kutsikira ku Golomoti, ali pa fili monga mwa masiku onse. Buleki itakana, anachita zomwe aliyense wamantha amachita: anaponda giya njinga ili pa liwiro n'kutaya kilatchi. Tayala lakumbuyo linauma nthawi yomweyo, njinga n'kugona. Mayi aja anathyoka mkono. Iye mwendo sunabwererenso mwakale, pano amagulitsa mayunitsi atakhala pansi. Akandiona amandipatsabe moni mwaulemu, ndipo zimenezo ndiye zimandipweteka kwambiri. Chiyambire pamenepo njinga ya mashuzi otha sindiimanga tcheni. Kaya munthu akwiye, akamangitse kwina.

Kwinako ndiye kuli nkhani. Masiku ano aliyense wokhala ndi sipanala ziwiri ndi mthunzi wa mtengo akudzitcha makaniko. Ndatulutsapo m'dilamu mashuzi omatidwa chidutswa cha tayala ndi guluu wam'kachubu. Guluuyo akatentha amasiya, chidutswa chija n'kupiringizika m'kati, tayala n'kuuma pakati pa msewu. Ndapezapo oyilo wa injini m'kabotolo ka brake fluid, ndipo oyilo amatupitsa timalabala tam'kati mpaka buleki kumata kapena kufa. Pachivindikiro cha kabotoloko analemba DOT 3 kapena DOT 4, muzithira chimene alembacho. Wina akangokumangirani nati n'kukuuzani kuti zatheka, osatsegula n'kuona m'kati, wakuberani ndalama ngakhale ikhale yochepa. Muuzeni atsegule inu muli pomwepo, muone ndi maso anu kuti chikopa cha mashuzi chatsala chotani.

Musadikire kuti buleki ichite kukana. Ikayamba kulira ngati khoswe, phazi likamapita pansi kuposa kale, kapena chogwirira chikamafewa, bwerani tsiku lomwelo, osati msika wa Lizulu ukatha. Mu June ndi July muno mumakhala chifunga choti m'mawa suona patali, phula limakhala lonyowa, zala zitauma ndi chisanu. Pamenepo n'kuzimitsa injini, ndiye kuti panjinga zambiri nyali nayo yazima, ndipo wa lole amene akukwera sakukuonani mpaka mutakumana pakona.

Mukamva fungo lopserera muli pakati pamtsetse, imani pamalo otambasuka, mutsike, njinga ipume mphindi khumi kapena kuposerapo. Osathira madzi padilamu kapena padisiki yotentha, chitsulo chimapindika. Pasenjala akadandaula kuti akuchedwa, muuzeni agwire dilamuyo ndi chala chake.